Liwu limodzi la Chingerezi lisakhale khoti lathu

Asisi, atsikana anzathu, lero tikambirane za mawu. Osati chiganizo chachitali ayi. Liwu limodzi lokha, la Chingerezi, lija munthu amangokuponyera ngati mwala iye n'kumapita, iwe n'kutsala ukudzifunsa kuti kodi ndalakwa chiyani.

Talkative. Bossy. Stubborn. Cheap. Bitter. Desperate. Gold-digger. Spinster. Dropout.

Mwawazindikira eti? Ena anakulemberani pa sukulu lipoti. Ena anakuuzani abwana ku ofesi. Ena munawapeza pansi pa chithunzi chanu pa Facebook, olemba ake munthu woti simunaonanepo naye chibadwire.

Masabata apitawa tinali kwa Chitukula, kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, kucheza ndi amayi a mother group pa sukulu ina ya pulayimale. Titamaliza, mayi wina anatikokera pambali n'kutulutsa mapepala awiri m'kajumbo. "Asisi, tandiwerengerani apa, ine chizungu chinandidutsa." Anali masukulu lipoti a ana awo awiri, mtsikana ndi mnyamata, onse a Sitandade 7, kalasi imodzi, mphunzitsi mmodzi. Mtsikana anakhala nambala 3. Mnyamata nambala 11. Pamalo pa ndemanga ya mphunzitsi, mnyamata anamulembera kuti "active". Mtsikana anamulembera kuti "talkative".

Titawamasulira, mayi aja anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Akuti ana awiriwa kunyumba ndi wailesi onse, palibe woposa mnzake. Koma bambo awo atafunsa kwa aneba tanthauzo la liwulo, anauzidwa kuti ndiye kuti mwanayo ndi wapakamwa, wolongolola. Nambala 3 ija palibe anaitchulanso. Chimene mtsikana analandira ndi funso lakuti, "Ndi pakamwa pakopo adzakukwatira ndani?" Kuyambira pamenepo, akutero mayi ake, mwanayo anasiya kukweza mkono m'kalasi.

Khalidwe limodzi, ana a mimba imodzi, mawu awiri. Wina liwu lake ndi mphatso, wina liwu lake ndi chilango. Ndiye wina atiuze kuti ndi mawu chabe?

Ife tikuti ayi. Liwu limodzi lotchula munthu ndi khalidwe lake ndi chigamulo. Ndi mlandu woti wazengedwa, waweruzidwa, mwini wake osaitanidwa. Ndipo likakhala la Chingerezi limalemera kawiri, chifukwa kuno kwathu Chingerezi ndi chilankhulo cha ofesi ndi chidindo. Ukalephera Chingerezi pa mayeso a MSCE, satifiketi palibe, ngakhale masamu utakhoza bwanji. Kuti munthu akhale phungu wa Nyumba ya Malamulo, malamulo akulu a dziko lino amafuna kuti azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Zigamulo za makhoti zimalembedwa m'Chingerezi. Ndiye liwu likabwera m'chilankhulo chimenechi limabwera litavala jekete ndi tayi. Munthu akakunena kuti ndiwe wamakani, umatha kumubwezera pompo, nonse mukudziwa kuti mukukangana. Koma akalemba kuti "stubborn" mu fayilo yako, zimaoneka ngati zotsatira za kuchipatala. Mayi wa kwa Chitukula, wa ku Nsaru, wa kwa Kabudula atsutsa bwanji liwu loti sangathe n'kuliwerenga komwe?

Tsono taonani mmene mawuwa amagawidwira.

Mwamuna akamalamula pantchito ndi "leader". Mkazi akachita zomwezo ndi "bossy".

Mwamuna akakana kusintha maganizo ndi "principled". Mkazi ndi "stubborn".

Mwamuna akakwiya pamsonkhano n'kumenya tebulo ndi "passionate". Mkazi akangokweza mawu pang'ono ndi "emotional".

Mwamuna wa zibwenzi zisanu ndi "player", anzake mpaka kumuombera m'manja. Mkazi wa zibwenzi ziwiri, ngakhale china chinatha chaka chatha, ndi "cheap".

Mwamuna wa zaka 35 wosakwatira ndi "bachelor", batchala, akudya moyo. Mkazi wa zaka zomwezo ndi "spinster", achibale ayamba kale kumupempherera.

Mwamuna wothamangathamanga kusaka ndalama ndi "hustler". Mkazi wonena poyera kuti safuna kuvutika ndi "gold-digger".

Ndipo lomwe limatinyansa koposa ndi ili: bambo wamkulu, wa banja lake, woimika galimoto pafupi ndi sukulu kudikira mwana wa Fomu 2, amatchedwa "blesser". Wodalitsa! Liwu lochokera ku mdalitso, la kutchalitchi, kumupatsa munthu woononga ana. Mwanayo akatenga mimba, dzina lake ndi "dropout", ngati anangogwa yekha ngati bango lakupsa, popanda wogwedeza mtengo. Boma linalola kuyambira 1993 kuti mtsikana amene wabereka abwerere kusukulu. Chaka cha 2017 malamulo akulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangakwatiwe. Koma lamulo likutsegula chitseko, liwu likutseka. Mtsikana abwerera bwanji m'kalasi momwe aliyense wamupatsa kale dzina?

Mawuwa sanagwe kumwamba ali choncho. Ali ndi mbiri, ndipo mbiri yake ikuonetsa dzanja la amene anawapotoza. "Spinster" poyamba linkatanthauza mkazi wopota ulusi. Linali dzina la ntchito, ngati kunena kuti telala. Mkazi wodzidyetsa ndi manja ake. Pang'onopang'ono linasanduka chitonzo cha mkazi wosakwatiwa. "Gossip" linachokera ku liwu lakale lotanthauza munthu wokuimirira mwana paubatizo, kenako linkanena amayi obwera kudzathandiza mnzawo pochira. Ubale wa amayi, kuthandizana kwa amayi, ndi umene unasandutsidwa miseche. "Hussy", lomwe lero limanena mkazi wopanda khalidwe, ndi chidule chabe cha "housewife". Mwaona njira yake? Liwu likangokhala la akazi, limayamba laulemu n'kuthera m'matope.

Ndipo ku England komweko kunali mlandu wotchedwa "common scold", mlandu wa mkazi wolongolola. M'zaka za m'ma 1600 mkazi wotere ankatha kuvekedwa chitsulo kumutu, chokhala ndi kachitsulo kena kolowa m'kamwa kukanikiza lilime, n'kumuyendetsa m'misika anthu akuonerera. Mlanduwu unachotsedwa m'malamulo awo mu 1967, ife titalandira kale ufulu. Ndiye mukaona "talkative" pa lipoti la mwana wamkazi amene wakhala nambala 3, dziwani kuti chitsulo chija sichinathe. Chinangosanduka inki.

Mwina mukuti tikukokomeza. Chabwino, tiyeni tibwere kwathu kuno, ku liwu limene aliyense wa ife analimva: vakabu.

Ambiri timaliyesa Chichewa. Si Chichewa. Ndi "vagabond", la m'mawu akuti "rogue and vagabond", amene atsamunda anawaika mu Penal Code ya Nyasaland yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1930, atawatenga ku lamulo la ku England la 1824. Tanthauzo lake ndi munthu woyendayenda, wosadziwika bwino. Si dzina la chimene munthu wachita ayi. Ndi dzina la mmene munthu akuonekera kwa amene akumuyang'ana. Pa gawo 184(1)(c), munthu ankatha kumangidwa chifukwa chopezeka pamsewu kapena pafupi ndi malo ena pa nthawi imene wapolisi waganiza kuti ameneyu ali ndi cholinga choipa. Sunabe. Sunamenye munthu. Wangopezeka.

Ndipo ndani amapezeka pamsewu usiku? Si wa galimoto. Ndi mayi amene wadzuka tambala woyamba asanalire, dengu la tomato kapena mpiru pamutu, kuti akafike msanga pamsika wa m'tauni. Ndi mtsikana wogwira ntchito m'bala amene waweruka pakati pa usiku ndipo minibasi zatha. Ndi wantchito wa m'nyumba amene madamu amuthamangitsa madzulo. Liwu limodzi linkakwanira kumugoneka munthu m'chitolokosi.

Koma tamverani mathero ake, chifukwa ndi pamene pali phunziro. Mu Malichi 2015, Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anamangidwa ku Blantyre m'bandakucha akupita kukagulitsa malonda ake. Mlandu wake vakabu. Iye sanavomere dzinalo. Nkhani inafika ku High Court, ndipo pa 10 Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti gawo 184(1)(c) likutsutsana ndi malamulo akulu a dziko lino. Mu Disembala 2020 khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe limakhala ku Arusha, linanenanso kuti malamulo a mtundu umenewu akuphwanya ufulu wa anthu. Liwu lomwe linamanga anthu zaka zoposa 80 linagonja chifukwa munthu mmodzi wa pamsika anafunsa funso losavuta: ndachita chiyani?

Amayi 19 a ku Dedza anafunsanso chimodzimodzi. Mu 2016 anatengedwa m'malo ogona alendo n'kuimbidwa mlandu wodyera ndalama za uhule. Anaweruzidwa mwachangu. High Court ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, inafafaniza chigamulocho chaka chomwecho, n'kufotokoza kuti lamulolo linapangidwira anthu odyera masuku pamutu amayiwa, osati amayi eni akewo. Chomwe chinawamangitsa si umboni. Linali dzina limene anapatsidwa asanatsegule pakamwa.

Liwu lina ndi "decent". Mu 1973 boma la Kamuzu linakhazikitsa Decency in Dress Act, lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Lamulolo linatha pamene ulamuliro wa chipani chimodzi umatha. Koma mu Januwale 2012, pafupifupi zaka 20 pambuyo pake, mavenda ena mu Lilongwe momwe muno anavula amayi pamsewu, dzuwa likuswa mtengo, ati sanavale "decent". Amayi anasonkhana ku Blantyre kutsutsa nkhanzazo, Joyce Banda, yemwe panthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ali nawo limodzi. Lamulo linafa, liwu linatsala, ndipo liwulo ndi limene linang'amba zovala za amayi.

Tsopano tiyankhe amene akonzeka kale kutilembera m'munsimu.

Woyamba ati: "Inunso, Chichewa chilibe mawu oipa?" Chili nawo, ambirimbiri. Hule. Mbeta yokalamba. Chumba. Wosalangidwa. Tili ndi zonena ngati zija zakuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, zomwe zimachapa mwamuna woyendayenda mpaka kuyera, pomwe mkazi akungouzidwa kuti banja ndi kupirira. Sitikuti Chingerezi ndiye chinabweretsa nkhanza, ndipo sitikuti musiye kuphunzira Chingerezi. Phunzirani, ndithu, muchidziwe kuposa amene akukunyozani. Chimene tikunena ndi chakuti mawu a Chichewa aja tonse timadziwa kuti ndi kutukwana. Palibe mphunzitsi angalembe "hule" pa lipoti. Palibe bwana angalembe "wosalangidwa" m'kalata yokuchotsa ntchito. Koma "loose", "difficult", "uncooperative" amalembedwa, amadindidwa, amasungidwa mu fayilo, ndipo amakutsata ukamafunsira ntchito ina. Chitonzo cha Chichewa chimathera pamjigo. Cha Chingerezi chimalowa mu kompyuta.

Wachiwiri ati: "Koma alipo anthu amakani enieni, amiseche enieni, okonda ndalama enieni." Eya, alipo, akazi ndi amuna omwe. Ife sitikuti akazi ndi angelo. Koma ngati munthu walakwa, nenani chimene wachita. "Anafalitsa nkhani yabodza ya mnzake pagulu la WhatsApp Lachiwiri" ndi mlandu, ungathe kuyankhidwa, kukanidwa kapena kupepesedwa. "Ndi gossip" si mlandu, ndi chidindo. Chochita chimatha, munthu amasintha. Dzina limakakamira. Ngakhale pabwalo la mfumu kwa Chitukula, nduna sizigamula munthu ndi liwu limodzi. Wodandaula amafotokoza, woyankha amafotokoza, mboni zimalankhula, ankhoswe amamvetsera. Agogo athu osapita kusukulu ankadziwa kuti mlandu umafuna mbali ziwiri. Ife ophunzira ndiye tikuweruzana ndi liwu limodzi pansi pa chithunzi.

Wachitatu ati: "Aaa, ndi nthabwala chabe, musamakhale bitter." Mwaona? Watiponyera lina pomwepo. "Bitter" ndi liwu limene amasungira mkazi aliyense wokumbukira zimene anachitidwa. Ntchito yake ndi kusamutsa nkhani: tisakambe za amene anakupweteka, tikambe za nkhope yako. Nthabwala yomwe amaseka ndi mbali imodzi yokha nthawi zonse si nthabwala.

Ndipo pano tidzidzudzule tokha, asisi, chifukwa nkhaniyi sikuti ndi ya amuna okha. Mawu ambiriwa amatuluka m'kamwa mwathu. Ndife amene timalemba "desperate" mnzathu akakwatiwa mochedwa. Ndife timanong'onezana "cheap" mtsikana watsopano akakwezedwa pantchito. Ndipo ife a m'tauni, a ku Area 25, Area 47, Area 49, tikatenga mtsikana kwa Chitukula, ku Nambuma kapena ku Mpingu kuti azitigwirira ntchito m'nyumba, timamunena bwanji kwa anzathu? "Lazy." "Cheeky." "Ungrateful." Timanena m'Chingerezi dala, iye ali pomwepo akukolopa, kuti asamve. Mwana woti wadzuka 4 koloko, wagona 10 koloko, malipiro ake sitinamupatse mwezi wachiwiri uno. Akafunsa ndalama zake ndiye "cheeky". Ufulu wa amayi umene tikuimbira pa intaneti ngati sufika kukhitchini kwathu, ndi bodza.

Chenjeraninso ndi mawu otsekemera. "Humble." "Submissive." "Decent." Amamveka ngati kukuyamikira, koma tafunsani kuti akukuyamikira chifukwa chiyani. Nthawi zambiri ndi chifukwa sunafunse, sunakane, sunadandaule. Ndi mphoto ya kukhala chete. Tsiku limene udzafunse za malipiro ako, kapena za foni yake imene imalira pakati pa usiku, "humble" uja adzasanduka "rude" tsiku lomwelo. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Ndiye tichite chiyani? Sitikupempha zovuta.

Munthu akakupatsa liwu limodzi, mufunse funso la Gwanda: ndachita chiyani? Afotokoze tsiku, malo, ndi chochitikacho. Ambiri amathera pomwepo, chifukwa analibe nkhani, anali ndi dzina lokha.

Kenako mufunse lachiwiri: akanachita mwamuna mukanamutcha chiyani? Ngati liwu lake likusintha, vuto si khalidwe lako.

Likalembedwa pa pepala, kaya ndi lipoti la mwana, kaya ndi fomu yakuntchito, usangosaina. Pempha kuti alembe chimene chinachitika, ndipo nawenso lemba yankho lako. Uli ndi ufulu womvedwa. Ngati mawuwo ndi okhudza thupi lako kapena zogonana, dziwa kuti Gender Equality Act ya 2013 imaletsa nkhanza zotere, za pakamwa zomwe, osati zogwira thupi zokha.

Aphunzitsi amene muli pa tsamba lino, tikudziwa kuti kalasi imodzi ili ndi ana ochuluka ndipo kabokosi ka ndemanga n'kakang'ono. Koma musanalembe, ganizani kuti liwulo likamasuliridwa bwanji kumudzi, ndi ndani, ndipo mwanayo akagona bwanji usiku umenewo. "Amafunsa mafunso ambiri" ndi mawu atatu okha. Akwana m'kabokosimo.

Ndipo ife amene tinapita kusukulu, tikamamasulira makolo athu zikalata, tisamangomasulira liwu, tizimasuliranso chilungamo. Aneba aja akanangonena kuti "mwana wanu amalankhula momasuka m'kalasi, ndipo wakhala nambala 3", nkhani ikanakhala ina m'nyumba muja.

Tisanachoke kwa Chitukula tsiku lija, mayi aja anamuitana mwana wawo. Anabwera akuyang'ana pansi, manja kumbuyo. Tinamufunsa kuti m'kalasi amalankhula zotani. Anati amafunsa akapanda kumvetsa, ndipo anzake akalakwitsa samu amawauza. Basi. Mlandu wonse ndi umenewo. Tinamuuza kuti safunsa anadya phula, ndipo kuti maloya, aphungu ndi atolankhani amalipidwa chifukwa cha pakamwa pomwepo. Mayi ake anatenga lipoti lija n'kunena kuti Lolemba apita okha kusukulu akafunse aphunzitsi kuti mwanayu walakwa chiyani, ndipo ayankhidwe m'Chichewa.

Nanga inu, asisi, liwu lanu linali liti? Anakupatsani ndani, ndipo munali mutachita chiyani kwenikweni? Tilembereni m'munsimu. Musatchule dzina la munthu, tchulani liwulo, kenako mufotokoze nkhani yonse imene liwulo linabisa. Ndipo mukamaliza, tumizani uthengawu kwa mng'ono wanu amene wayamba kukhala chete m'kalasi.